Ng'ombe za mkaka m'chilimwe: mmene mungafikire Disembala mkaka usanaume

Anzanga oweta ng'ombe za mkaka kuno ku Chipata, Katete, Chadiza, Lundazi ndi kwina konse kum'mawa kuno, tiyeni tikambeko za chilimwe chifukwa chaka ndi chaka nkhani imakhala yomweyo. Ng'ombe imene inali kupereka malita 12 mu Febuluwale pofika Okutobala ikupereka atatu, nthiti zili pamtunda, ndiye mwini wake ayamba kuti aah mtunduwu anandinamiza, kapena akuti aneba achitapo kanthu. Nthawi zambiri si mtundu ndipo si aneba, ndi njala chabe. Ng'ombe ya mkaka siili ngati ng'ombe yathu ya makolo ija ya mtundu wa Angoni imene imangoyenda m'thengo n'kudzipezera yokha, iyi ikasowa chakudya imayamba kudya thupi lake lomwe kuti ipange mkaka, kenako mkaka umatha, kenako imasiya kutenga bere, ndipo mukataya bere mwataya mkaka wa chaka chamawanso.

Chinthu choyamba si kugula mankhwala kapena dairy meal (chakudya cha ng'ombe za mkaka chogula kusitolo) ayi, ndi kutenga cholembera n'kuwerenga masiku. Ambiri timawerenga kuti mvula imasiya mu Epulo imabwera mu Novembala basi tathana nazo. Koma udzu umayamba kutha mphamvu mu Meyi, ndipo olo mvula igwe pakati pa Novembala, msipu woti ng'ombe ikhute nawo umapezeka cha pakati pa Disembala. Ndiye kuchoka kumayambiriro kwa Juni kufika pamenepo ndi masiku pafupifupi 200. Ndipo izi ndi za chaka chabwino. Tonse tikukumbukira 2024 pamene mvula inadula pakati pa dzinja mpaka a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, chaka ngati chimenecho chilimwe cha ng'ombe chimayamba Malichi asanathe. Ndiye werengani 200 koma mumtima muzidziwa kuti akhoza kupitirira.

Tsopano pakamwa. Ng'ombe ya mkaka imadya chakudya cholemera pafupifupi 3 peresenti ya thupi lake patsiku, tikachotsa madzi amene ali m'chakudyacho. Kolosi (ng'ombe ya mitundu yosakaniza) ya Jersey kapena Friesian ya makilo 400 ndiye kuti ikufuna makilo 12, mwa amenewo 9 kapena 10 akhale udzu wouma, mapesi ndi masamba, otsalawo ndi gaga ndi keke (zotsala poyenga mafuta). Makilo 10 kuchulukitsa ndi masiku 200 ndi makilo 2,000, matani awiri ng'ombe imodzi. Ngati mabelo anu a udzu ndi a makilo 20 ndiye mabelo 100. Muli ndi ng'ombe zitatu zokama ndi misoti iwiri? Misoti iwiri muiwerenge ngati ng'ombe imodzi, ndiye mabelo 400. Pitani kukhola muwerenge zimene mwasunga, musayerekeze ndi maso, mulu wa mapesi umaoneka waukulu koma ndi mphepo yokhayokha mkati, mangani mtolo umodzi muyeze pa sikelo yogulitsira soya ija kenako muwerenge mitolo. Ngati muli ndi sayileji (chimanga kapena udzu wobiriwira wosungidwa m'dzenje lotseka), makilo 3 a sayileji amalowa m'malo mwa kilo imodzi ya udzu wouma chifukwa muli madzi ambiri.

Mukawerenga mupeza chimodzi mwa ziwiri, chakudya chikwana kapena sichikwana, ndipo ambiri a ife sichikwana. Apa ndi pamene pamafunika mtima wolimba. Chakudya cha ng'ombe zitatu mukagawira zisanu ndi imodzi simupulumutsa zonse ayi, mumangoondetsa zonse pamodzi ndipo palibe imene ikupatseni mkaka wa ndalama. Ndiye imani pakhomo la khola muziyang'ana imodzi imodzi. Nkhunzi zazing'ono zimene mukungosunga poti ndi chuma, ng'ombe yokalamba imene mano anatha, ija yakhala chaka chathunthu osatenga bere, ija mawere awiri anafa ndi matenda a bere, zimenezi zigulitsidwe mu Meyi kapena Juni zikali ndi mnofu. Mukadikira Okutobala ogula amadziwa kuti mwapanikizika, amabwera ndi mtengo wachipongwe ndipo mumalola. Ndalama ya ng'ombe imodzi yogulitsidwa nthawi yabwino imagula gaga ndi keke wodyetsa zotsalazo miyezi ingapo. Musaiwale kuti kusamutsa ng'ombe kumafuna pemiti ya a veti, konzani izi wogula asanafike ndi galimoto. Ndikudziwa kwathu kuno kugulitsa ng'ombe si nkhani ya munthu mmodzi, pena mpaka amalume amve kaye, ndiye yambani kukambirana msanga osati ng'ombe itagona kale.

Zotsalazo musazidyetse mofanana. Patsogolo pakhale zimene zabereka posachedwa, miyezi itatu yoyamba ija, chifukwa ndi zimene zikupanga mkaka wambiri komanso zikuyenera kutenganso bere. Kenako zimene zatsala miyezi iwiri kuti zibereke. Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283, ndipo masiku 60 omaliza muisiye kukama ipume, musaumirire malita awiri aja, mudzawalipira ikadzabereka yofooka, thumba la mwana osatuluka, mkaka wochepa nyengo yonse. Ng'ombe imene ili kumapeto kwa kukama ndipo yaonda, ikupereka malita awiri kapena atatu, kuli bwino kuiumitsa msanga olo masiku 60 asanakwane. Matole apatseni udzu wofewa kwambiri umene muli nawo ndi kagaga pang'ono, thole likapinimbira m'chilimwe choyamba limachedwa kukula ndipo limachedwanso kudzatenga bere. Kuona ngati ng'ombe ikuonda musayang'ane mimba, mimba imatupa ndi mapesi olo ng'ombe ili ndi njala. Yang'anani nthiti, mafupa a m'chiuno ndi pa tsinde la mchira. Ngati nthiti zambiri zikuwerengeka muli chapatali ndipo pa tsinde la mchira pachita dzenje, mwachedwa kale, onjezani chakudya lero.

Za msipu tsopano. Udzu wa m'thengo ukauma n'kufiira umaoneka wambiri koma mulibe kanthu, mapuloteni amatsika kufika 3 kapena 4 peresenti pamene tizilombo ta m'chifu cha ng'ombe, timene timagaya udzu, timafuna osachepera 7 kuti tigwire ntchito. Nchifukwa chake mumaona ng'ombe ili pakati pa udzu wofika m'chiuno koma ikuonda, ndowe zake zouma zolimba zosanjikana. Ndiye kuitumiza kutali ndi mnyamata wa ubusa kuti ikasake msipu ndi kungotaya mphamvu, imapita makilomita angapo pa dzuwa, imabwera ndi nkhupakupa, mkaka wathera m'njira. Ine maganizo anga ndi akuti ng'ombe yokama m'chilimwe ikhale pafupi ndi khola, chakudya chiipeze pomwepo.

Amene muli ndi mapadoko a udzu wa Rhodes kapena Brachiaria, musalole ng'ombe zimete mpaka dothi. Udzu ukatsika kufika kutalika kwa chikhatho, masentimita 10 mpaka 15, tulutsani ng'ombe mutseke. M'munsi mwa tsinde ndi m'mizu ndi mmene udzu umasunga mphamvu yodzaphukira mvula ikabwera, mukameta pamenepo padoko limadzuka mochedwa ndipo m'malo mwake mumamera zitsamba zopanda ntchito. Sankhani kamalo kamodzi, makamaka komwe kanatha kale kapena komwe mukufuna kudzalima, kakhale kodyetserapo ndi kopondaponda chilimwe chonse, ndowe ziunjikane pamenepo, ena onse apume. Kuli bwino kuononga kamalo kamodzi kusiyana ndi kuononga onse pang'ono pang'ono.

Kudambo ndi kumene aliyense amathamangira, ndipo n'zoona kumakhala kobiriwira mpaka Sepitembala, koma pali zinthu ziwiri. Choyamba ng'ombe za mudzi wonse zimakumana komweko, nkhupakupa ndi matenda zimagawidwa ulere. Chachiwiri m'madzi osayenda muja mumakhala tinkhono timene timafalitsa nyongolotsi za m'chiwindi, ng'ombe imaonda, pansi pa chibwano pamatupa madzi. Ngati muli ndi dimba lanu, njira yabwino ndi kudzala nsenjere m'mphepete n'kumadula kupititsa kukhola. Dulani ikafika m'chiuno, mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, musiye chitsa chachifupi, thirani ndowe ndi madzi otsukira khola. Nsenjere ikatalika kuposa munthu yasanduka bango, ng'ombe imangobudula masamba n'kusiya zonse. Ndipo muziduladula tizidutswa tating'ono ndi chikwanje, mukaponya yathunthu theka imathera pansi.

Moto. Aah nkhani ya moto imapweteka. Kuyambira Julayi anyamata osaka mbewa ayatsa, Ogasiti mphepo yakula, madzulo amodzi chabe padoko lonse ndi mulu wa mapesi zapita. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira mapadoko ndi posungira udzu mu Meyi udzu usanaumitsitse, ikhale yotakata ndithu mamita angapo osati kakanjira ka mbuzi, ndipo udzu wanu wonse musauike malo amodzi. Kambani ndi a mfumu a m'mudzi nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano. Ena amatentha dala kuti kuphuke lupsa ng'ombe zipeze kobiriwira, inde kamaphuka, koma ndi kochepa kwambiri, ng'ombe zimakameta sabata imodzi, ndipo kuphuka kumeneko kumatha mphamvu ya mizu imene imayenera kudikira mvula.

Tifike pa mapesi, chifukwa kwa ambiri a ife ndiye chakudya chachikulu. Kuno mukangokolola anthu amamasula ziweto, munda wanu umakhala wa aliyense, ndiye mukachedwa sabata ziwiri mupeza ng'ombe za eni zadya masamba onse kwatsala mitengo. Tutani msanga ndi ngolo mukangothyola chimanga, masamba ndi makoko akali pomwepo chifukwa ndi mmene muli chakudya. Ikani pa thandala lokwera, pansi chiswe chimamaliza, ndipo pamwamba pakhale denga olo la udzu, dzuwa limawaula chakudya. Amene mumalima gamphani mudzati nanga zophimbira nthaka? Funso labwino. Dulani mapesi pakati, kumtunda kofewa kupite kukhola, kumunsi kolimba kumene ng'ombe sizikonda kutsale m'munda, kenako manyowa a m'khola abwerere kumunda komweko.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuona masamba a nshawa akuotchedwa kapena kusiyidwa m'munda. Kuno kum'mawa timalima nshawa kuposa madera ambiri m'Zambia muno, ndipo masamba ake ali ndi mapuloteni oposa kawiri a mapesi. Chimodzimodzi masamba a nyemba, khobwe, zotsala za soya ndi mphira za kandolo. Mukathothola nshawa sonkhanitsani masamba muumitse osawasiya padzuwa masiku ambiri, anyamuleni m'mawa kukali chinyezi kuti asayoyoke, sungani pouma. Amene achita chuku tayani, chuku cha nshawa ndi chimanga chili ndi poizoni wa aflatoxin amene amadutsa mpaka mu mkaka umene ana anu akumwa. Mapesi okha kwa ng'ombe ali ngati nsima yopanda ndiwo, imadyako pang'ono n'kusiya, koma mukasakaniza magawo atatu a mapesi oduladula ndi gawo limodzi la masamba a nshawa, n'kuwaza madzi a mchere pang'ono kapena molasesi wosungunula, mudzaona mmene imamalizira.

Pali njira ina yokometsera mapesi ndi yuleya, yemweyu feteleza wobereketsa, koma imafuna kusamala. Pa makilo 100 a mapesi oduladula sungunulani makilo 4 mpaka 5 a yuleya m'malita 50 a madzi. Kumbani dzenje kapena konzani pakona ya khoma, yalani pulasitiki, ikani mapesi mosanjika, mulingo uliwonse wazani madziwo ndi kheni n'kupondaponda zolimba, mukamaliza kutani ndi pulasitiki mutseke ndi dothi mphepo isalowe. Nthawi yotentha masabata atatu akwana, mu Juni ndi Julayi pozizira dikirani asanu kapena asanu ndi limodzi. Mukatsegula mapesi amakhala ofewa, ofiirira, akununkha ammonia moboola mphuno. Tengani odyetsa mawa muyanike pamthunzi usiku wonse fungo lichepe, dzenje mutsekenso. Mapuloteni amakwera pafupifupi kawiri ndipo ng'ombe imagaya bwino. Koma tamverani apa: yambani pang'ono pang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri, musapatse matole osakwana miyezi 6, musapatse abulu kapena nkhumba, musaphatikize ndi soya yaiwisi, ndipo chidebe cha madzi a yuleya musachisiye pomwe ng'ombe ingamwe chifukwa imatha kufa pasanathe ola limodzi. Ikayamba kunjenjemera, kutuluka dovu ndi kutupa mimba, imwetseni viniga malita angapo ndi madzi ozizira uku wina akuimbira a veti. Ngati mulibe sikelo yoyezera kapena ntchitoyi muisiyira mwana, ilekeni ndithu, dyetsani masamba a nshawa basi.

Gaga mugule msanga. Nthawi yokolola zigayo zimakhala ndi gaga wambiri ndipo mtengo umakhala pansi, pofika Sepitembala aliyense wa nkhumba, wa nkhuku, wa ng'ombe akulimbirana thumba lomwelo. Gulani wouma bwino, wa chimanga chokonola chonyowetsa uja muyanike kaye apo ayi amachita chuku m'thumba. Gaga yekha amapatsa mphamvu koma mapuloteni ndi ochepa, ndiye apa mwayi wathu ndi mpendadzuwa, keke yotsala poyenga mafuta imapezeka m'makina ang'onoang'ono ambiri kuno. Kasakanizidwe kosavuta ka makilo 100: gaga 65, keke ya mpendadzuwa 32, DCP (ufa wa calcium ndi phosphorous wolimbitsa mafupa) 2, mchere 1. Izi zimafika pafupi ndi dairy meal ya m'sitolo. Keke ya thonje nayo ndi yabwino kwa ng'ombe zazikulu koma osati matole ang'ono. Kapatsidwe kake, kilo imodzi pa malita awiri alionse a mkaka amene ng'ombe ikupereka pamwamba pa zimene udzu ungakwanitse, ndipo kunena zoona m'chilimwe mapesi sakwanitsa mkaka ulionse, amangosunga moyo. Ndiye ng'ombe ya malita 8 mpaka 10 iwerengereni makilo 4 mpaka 5, theka pokama m'mawa theka madzulo, osathira onse kamodzi chifukwa chifu chimasasa ng'ombe n'kusiya kubzikula. Yesani kuonjezera kilo imodzi kwa sabata muone, ngati mkaka wakwera moti ndalama yake ikuposa mtengo wa kiloyo pitirizani, ngati sunasinthe bwererani. Lembani malita tsiku ndi tsiku m'kope, mutu umanama.

Mitengo nayo musaiiwale. Gliricidia amene wadzalidwa m'minda yambiri kuno, uja a bungwe la COMACO amalimbikitsa, masamba ake ndi chakudya chabwino, kungoti ng'ombe zina zimakana fungo poyamba ndiye afotetseni tsiku limodzi musakanize ndi zina. Amayoyola masamba chilimwe chikakula, ndiye budulani mu Epulo ndi Meyi muumitse pamthunzi musunge m'matumba. Lukina ndi wabwino kwambiri koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, akachuluka ubweya umathothoka ng'ombe n'kudwala. Msangu umabiriwira m'chilimwe pamene mitengo ina yonse yayoyola, ndipo nyemba zake zikagwa tumani ana atole, mukazisinja ng'ombe imapindula nazo kwambiri. Koma Tephrosia, uja ena amaphera nsomba ndi tizilombo, si chakudya cha ng'ombe olo akhale m'munda momwemo ndi mitengo ina yobwezera nthaka.

Madzi ndiye anthu amawapeputsa. Mkaka ndi madzi pafupifupi 87 peresenti, ndipo ng'ombe imene ikudya zouma zokhazokha ilibe kwina kopeza madzi. Yokama imamwa malita 60 mpaka 80 patsiku, mu Okutobala kutentha kukadutsa madigiri 30 Friesian yaikulu imafika 100 kapena kuposa. Ndiye dilamu imodzi ya malita 210 ndi ya ng'ombe ziwiri kapena zitatu tsiku limodzi, osati khola lonse. Kumwetsa kamodzi masana kumeneko n'kwa ng'ombe zolima, ya mkaka madzi azikhala pamaso pake nthawi zonse, makamaka ikangotha kukamidwa, ndipo momwera mukhale pamthunzi muzitsukidwa. Nthawi zambiri mlimi amathamangira kugula mavitameni pamene vuto ndi ludzu. Ngati chitsime chanu chimaphwa mu Sepitembala, kambiranani ndi a komiti ya mjigo kukali nthawi, musadzayambane ndi amayi pamzere.

Mthunzi chimodzimodzi. Ng'ombe ikatenthedwa imapuma mwa befu, dovu likutuluka, imasiya kudya, ndipo kusiya kudya ndiko kutsika kwa mkaka. Khola la malata otsika limasanduka uvuni, kwezani denga kapena yalani udzu pamwamba, m'mbali musatseke mphepo izidutsa. Chakudya chambiri perekani m'mamawa ndi madzulo mpaka usiku pamene kwazizira, ngati zikupita kubusa zituluke kukali mbandakucha zibwerere dzuwa lisanakwere. Nyengo yotentha ng'ombe sizionetsa bwino kuti zikufuna nkhunzi, zimakwerana usiku kapena m'mawa kwambiri, ndiye muziyang'ana nthawi imeneyo, zimabwereza pa masiku 21 alionse. Mkakanso sumachedwa kusasa, ufike kosonkhanitsira pasanathe maola awiri. Ndipo poti mkaka wachepa musayesedwe kuthiramo madzi, lactometer, kachipangizo koyezera madzi mu mkaka, imakugwirani pamaso pa anthu, manyazi ake ndi oposa malita amene munafuna kuonjezera.

Ena chilimwe chikafika amasiya dibi ati nkhupakupa zatha. Sizinathe, zazing'ono zija zosaoneka bwino zilipo ndipo zimafalitsa chigodola chimodzimodzi, ndipo ng'ombe za mkaka zachizungu ndi makolosi sizipirira chigodola ngati za makolo. Mukhoza kutalikitsa masiku a dibi malinga ndi mmene a veti a dera lanu akuuzirani koma osasiyiratu, muziyang'ana m'makutu ndi pansi pa mchira. Gulani thermometer, ndi yotchipa. Ng'ombe yabwino imakhala pa 38 mpaka 39, ikadutsa 39.5 m'mawa, mwanabele watupa pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa, yasiya kudya, itanani a veti tsiku lomwelo chifukwa mankhwala monga buparvaquone amagwira bwino matenda akali poyamba, ikafika potuluka thovu m'mphuno nthawi zambiri basi. Matole apite ku katemera wa chigodola a boma akalengeza. Mankhwala a nyongolotsi perekani polowa m'chilimwe kuti chakudya chochepacho chisagawidwe ndi nyongolotsi, koma werengani pa botolo masiku amene mkaka suyenera kugulitsidwa, ndipo albendazole musapatse ng'ombe imene yangotenga bere masiku 45 oyamba.

Njala imadyetsa ng'ombe zinthu zachilendo. Mapulasitiki, nsanza, zingwe za mabelo, zonse zimakaunjikana m'chifu ng'ombe n'kumaonda osadziwika chifukwa, makamaka inu a pafupi ndi tauni tolani mapepala pozungulira khola. Lantana, chitsamba cha timaluwa tokongola chija chimene chadzaza m'mbali mwa misewu, chimaononga chiwindi ndipo khungu loyera limasupuka ndi dzuwa. Mapira ophukira pachitsa kapena ofota ndi dzuwa ali ndi poizoni, masamba a chinangwa osafotetsa chimodzimodzi. Mukaona ng'ombe ikutafuna mafupa kapena kunyambita dothi ndiye kuti ikusowa mchere ndi phosphorous, ikani chibuma chonyambita kapena DCP ndi mchere, mafupa a nyama zakufa amabweretsa matenda opuwalitsa. Ndipo ng'ombe ikafa mwadzidzidzi magazi akutuluka m'mphuno kapena kumbuyo musaisende, musagawe nyama, ikhoza kukhala anthrax imene imaphanso anthu, makamaka inu a kufupi ndi chigwa cha Luangwa.

Mvula yoyamba ikagwa musasangalale msanga, ng'ombe zoonda zambiri zimafa nthawi imeneyi. Mapesi otsala m'thengo amaola, kamsipu kongophuka ndi madzi okhaokha, ng'ombe imathamangitsa kobiriwira tsiku lonse osakhuta n'kuyamba kutsegula m'mimba, usiku yanyowa yazizidwa, m'mawa yalephera kudzuka. Sungani mabelo a masabata atatu kapena anayi a nthawi imeneyi, ziyambe zadya zouma m'mawa zisanatuluke, ndipo mapadoko akhale otseka mpaka udzu ufike pafupi ndi bondo.

Nthawi yomweyo ndi yodzala za chilimwe chamawa. Lima imodzi (kota ya hekitala) ya Rhodes yothiridwa manyowa kapena feteleza bwino ikhoza kukupatsani pafupifupi matani awiri aja a ng'ombe imodzi. Mbewu yake ndi yopepuka ngati mungu, sakanizani ndi mchenga, wazani pa nthaka yosalala bwino, musakwirire mozama, kungokokerapo nthambi kapena kupondapo basi. Nsenjere dzalani ndodo za mfundo zitatu, ziwiri pansi imodzi pamtunda, mita imodzi pakati pa mizere ndi theka la mita mumzere. Kalongonda ndi lablab zilowe m'mbali kapena pakati pa chimanga chikakula pang'ono. Za mbewu funsani a zaulimi a kampu yanu kapena kumalo ofufuza za ulimi ku Msekera. Udzu umwetedwe ukangoyamba kutulutsa ngayaye, cha mu Malichi, Nc'wala ikangodutsa muziyamba kunola zikwakwa, osadikira Meyi ufiire wokha. Sankhani masiku a dzuwa, yanikani awiri kapena atatu mukutembenuza, ukhale wouma koma wobiriwirabe, ndiye pondani m'bokosi la matabwa mutayala zingwe ziwiri pansi, mangani, belo latuluka. Sayileji ya chimanga dulani njere zikafika poti mukafinya zikutuluka ngati phala lolimba, duladulani tizidutswa ta masentimita awiri kapena atatu, pondani kwambiri m'dzenje la pulasitiki, tsekani tsiku lomwelo kapena mawa lake, dikirani masabata 6. Ya nsenjere ifotetseni kaye tsiku limodzi ndipo muwaze molasesi chifukwa ilibe shuga wokwanira. Ndipo chaka chimene mvula yadula chimanga n'kukanika kubereka ngati 2024, musachisiye chiumire m'munda mukudandaula, chidulireni m'dzenje chikali chobiriwira, musadyetse chofotacho chachiwisi chambiri nthawi imodzi chifukwa chimakhala ndi poizoni wa nitrate wochuluka, m'dzenje muja ndi mmene amachepa.